Naphiri Anatsala ku Katete

Mphepo ya mu Ogasiti ikayamba kuno ku Lusaka, fumbi limalowa ngakhale m'nyumba yomwe mawindo ake ngotseka. Loweruka lapitali ndinatsitsa zidole zanga zonse pa shelefu kuti ndizipukute, ndinaziyala pabedi n'kuziwerenga. Zilipo 19. Pamzere wapamwamba pali mpata umene sindiikapo kanthu, ndipo aliyense wobwera kwathu ku Chilenje amafunsa ngati chidole china chinagwa. Chinalipo, koma nkhani yake ndiyambire kutali.

Chidole choyamba ndinachigula mu 2016 ku Soweto Market, pa mulu wa salaula. Ndinapita kukafuna juzi, koma pambali pa wogulitsa zovalayo panali mnyamata atakhuthula thumba la zoseweretsa ana: timagalimoto topanda mateyala, zimbalangondo za ubweya, ndi ana apulasitiki amaliseche atapingasana miyendo. Ndinatola mmodzi. Anali Barbie weniweni, chifukwa kuseri kwa mutu, m'munsi mwa tsitsi, kunali dzina la kampani ya Mattel. Tsitsi lake linali litapotana ngati chisa cha mbewa, ndipo mwana wina kutsidya kwa nyanja anali atamulemba ndevu ndi bolopeni. Masiku amenewo ndinali nditayamba kuonera pa YouTube anthu akufufuta nkhope za zidole n'kujambulapo zina, ndiye ndinati nanenso ndiyese.

Ndinamuwononga tsiku lomwelo. Ndinamva kuti penti ya kufakitale imachoka ndi asetoni, mankhwala aja amachotsera penti ya m'zikhadabo, koma sindinamvetsere mpaka kumapeto. Mutu wa chidole chotere ndi wa pulasitiki wofewa, ukaufinya umabonyoka, ndipo asetoni sauchita kanthu ukapukuta msanga. Thupi ndi la pulasitiki wina, wolimba, amene asetoni amamusungunula. Thonje langa linali lonyowa kwambiri, mankhwala anayenderera m'khosi mpaka pachifuwa, ndipo nditagwirapo chala changa chinasiya chidindo chomwe chilipo mpaka lero. Ameneyo ndi Nambewe. Amavala bulauzi yotseka khosi chaka chonse, ngakhale mu Okutobala.

Zidole zanga zonse ndimazitcha ndi mfunda: Nambewe, Nabanda, Natembo, Nazulu. Sindinachite kukhalira pansi kuganiza zimenezi. Kungoti nkhope ikatha, dzina lakuti Barbie limakana lokha.

Amayi atandipeza ndikusoka kabulauzi kameneko anaseka mpaka kugwira khomo. "Iwe, anzako akusoka matewera, iwe ukusokera pulasitiki?" Koma iwo omwewo ndi amene anandikumbutsa kuti sizinayambe lero. Ndili wamng'ono, tikapita kutchuthi kwa ambuya ku Katete, mwana wanga anali chitsononkho. Timachikulunga kansanza, ndevu za chimanga n'kukhala tsitsi, kenako kuchibereka kumsana popita ku masanje. Anyamata amaumba ng'ombe zadongo kudambo ndi kupinda magalimoto amawaya. Palibe amene ankadikira sitolo. Barbie anayamba kugulitsidwa ku America mu 1959, ndipo Barbie wakuda woitanidwa ndi dzina lomwelo anadzatuluka mu 1980, koma ife zonsezo sizinkatifika. Amene ankafika, patapita zaka, ndi awa a m'mabelo, atsitsi lachikasu ndi maso obiriwira, atatopa kale ndi ana a eni ake.

Ntchito yomwe imadya nthawi koposa zonse ndi tsitsi. Umayamba waviika mutu m'madzi otentha kuti ufewe, n'kuuzula pakhosi mosamala kuti kachikhomo kapulasitiki ka m'kati kasathyoke. Tsitsi lakale umalimeta mpaka pakhungu, zotsalira n'kuzikokera m'kati kudzera pabowo la khosi. Chimatsala ndi chipala chodzaza timabowo mazanamazana, ndipo kabowo kalikonse kakufuna tsitsi lake. Chida chake n'chosavuta: singano yosokera pamanja, umaidula diso lake mopendeketsa kuti itsale ngati kamphanda, nsonga n'kuizika m'kamtengo. Ukakola titsitsi tingapo pakamphandako umabaya, kukola kwina, kubaya, mpaka mutu wonse, pomaliza n'kuthira guluu m'kati kuti zigwire. Mutu umodzi umanditengera madzulo a sabata yathunthu, ndipo singano zimathyoka zitatu kapena zinayi. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, koma iwo sanabayidwepo ndi singano yoduka pachala chomwechomwecho kasanu usiku umodzi.

Anzathu akunja amaitanitsa tsitsi lopangira zidole, la saran kapena la nayiloni. Ine ndinayamba ndi lomwe lili ponseponse m'tauni muno, la m'mapaketi lolukira kumutu. Limamvera madzi otentha: ukalikulunga pa timapaipi tomwera zakumwa n'kuliviika m'madzi owira pang'ono, kenako ozizira, limatuluka lopotana ndipo silibwereranso. Vuto lake n'lakuti ndi lokhuthala, pamutu waung'ono limaoneka ngati zingwe. Pambuyo pake ndinapeza kuti ulusi wolukira majuzi, ukaumasula n'kuupesa ndi burashi yawaya mpaka ukhale ngati thonje, umafanana kwambiri ndi tsitsi lathu losawotcha. Natembo ali ndi mukule wa mizere 8 wa ulusi umenewu. Ndinaluka ndi timitengo totokosera m'mano, diso limodzi nditatsinzina, ndipo mkulu wanga yemwe ali ndi saluni ku Kabwata atauona anangoti, "Mzere wachitatu wakhota." Unakhotadi.

Nkhope ndiye nkhani ya nyengo. Pulasitiki ndi woterera, pensulo silemba, choncho umayamba wapopera vanishi wosawala amene amasiya khungu lokhakhala pang'ono ngati pepala. Amene ambiri timamudalira ndi wa ku Japan, dzina lake Mr. Super Clear, ndipo kuno sapezeka wamba. Kachitini kanga kamabwera ndi anthu oyenda pamsewu kuchokera ku Johannesburg, ndipo ndimakasunga ngati mafuta onunkhira a ukwati. Pamwamba pa vanishiyo umapaka choko chofewa chojambulira, chopalidwa kukhala ufa, kuti upange masaya ndi mithunzi, n'kupoperanso, kenako mapensulo a utoto wamadzi kulembera maso, nsidze ndi milomo, n'kupoperanso. Kasanu, kasanu ndi kamodzi. Ndiye vanishi ameneyu amadana ndi chinyezi. Ukapopera mu Januwale, mvula ili m'mwamba, amauma woyera ngati chifunga. Pa chidole choyera mwina sungaone msanga, koma pa chakuda nkhope yonse imatuwa ngati ya mwana amene wasamba osadzola. Makanema ambiri ophunzitsa sanena zimenezi chifukwa zidole zawo zambiri n'zoyera. Ndinaphunzira ndi nkhope ziwiri zomwe ndinafufuta ndikulira. Tsopano ndimajambula nkhope kuyambira Meyi mpaka Julayi basi, kunja kukauma koma fumbi lisanadzuke, ndipo ndimapopera panja, nditamanga chophimba kumphuno, chifukwa fungo lake si la masewera.

Chomwe ndimachotsa poyamba pa nkhope iliyonse ndi kumwetulira. Chidole cha kufakitale chimamwetulira ngati chikukugulitsa inshuwalansi. Akazi amene ndimawadziwa ine, pamzere wa minibasi kapena pa kantemba, nkhope zawo zimakhala zikuwerengera kanthu.

Barbie ndi wamtali pafupifupi masentimita 29, ndiye kuti akuimira munthu wa masentimita 174 atachepetsedwa ka 6. Chilichonse chomuzungulira chiyenera kuchepa chimodzimodzi, apo ayi diso limagwira bodza nthawi yomweyo. Apa ndi pamene chitenge chinandizunza. Zitenge zathu zimakonda maluwa akuluakulu. Duwa limodzi lokwana chikhatho changa limamuphimba chidole kuyambira m'chiuno mpaka m'mawondo, ndipo chimene chimaoneka ndi banga lofiira chabe. Ndayenda m'masitolo a nsalu ku Kamwala ndikufunsa chitenge cha timaluwa ting'onoting'ono mpaka ogulitsa anayamba kundizindikira. Koma kugula mamita awiri pofuna kachidutswa kosakwana mpango n'kuwononga ndalama. Amene anandipulumutsa ndi atelala ena okalamba a m'dera lathu, amene amandisungira zidutswa m'kathumba pansi pa makina awo. Sanandifunsepo chifukwa chake mpaka tsiku lomwe ndinawaonetsa chithunzi. Anachiyang'ana nthawi yaitali, n'kunena kuti mpendero ndapinda kwambiri. Nsaluyo imafunanso kuchapa kangapo kuti sitachi achoke, chifukwa chitenge chatsopano pa thupi laling'ono chimaima ngati lata.

Nabanda sindinena zambiri. Ndinamupanga mu 2021, Barbra Banda wa timu ya mpira ya Zambia atamwetsa zigoli zitatuzitatu pamasewera awiri otsatizana ku Olympics ya ku Tokyo, poyamba ndi Netherlands kenako ndi China. Ndinamusokera jezi yobiriwira, mpira wake ndi mkanda waukulu wopentedwa, ndipo ndinamujambula pabwalo lafumbi kuseri kwa sukulu. Pa Facebook ndi amene anakondedwa kuposa onse. Ine ndimamuona ngati ntchito yachangu. Nkhope sinafanane, anthu anakonda jezi.

Kujambula zithunzi ndi kamera ndinakutenga mochedwa, ndipo ndi kumene kunasintha zonse. Pali chidole china chotchedwa Blythe, chamutu waukulu, chomwe maso ake amasintha mtundu ukakoka kachingwe kumbuyo. Kampani ya Kenner inachitulutsa mu 1972, sichinayende malonda, n'kuchisiya patangotha chaka. Patapita zaka zambiri mayi wina wa ku New York, Gina Garan, anayamba kuchijambula m'misewu ndi kulikonse komwe amapita, zithunzizo zinatuluka m'buku mu 2000, ndipo chaka chotsatira kampani ya Takara ku Japan inayambanso kuchipanga. Ine Blythe ndilibe, mtengo wake ndi wa lendi. Koma nkhaniyi inanditulutsa m'nyumba. Kufikira nthawi imeneyo ndinkajambula zidole zili pa tebulo, kumbuyo kuli khoma, ngati zithunzi za pa chiphaso.

Chinsinsi chake n'chochititsa manyazi: umagona pansi. Kamera ikakhala pamwamba, chidole chimaoneka chidole. Ikatsika kufika pa maso ake kapena m'munsi pang'ono, chimasanduka munthu, ndipo zakumbuyo zimakula. Foni ndimaitembenuza kuti diso lake likhale kumunsi, pafupi ndi dothi. Kuti chidole chiime, ndimazika waya wa sipoko ya njinga pansi n'kuulowetsa kuseri kwa mwendo, m'kati mwa chitenge. Nthawi yabwino ndi m'mawa dzuwa likangotuluka kapena madzulo likamapendeka. Likakhala paliwombo, mphumi ya pulasitiki imanyezimira ndipo maso amalowa mumdima. Lamulungu lina m'mawa ndinagona chafufumimba m'mbali mwa Cairo Road kuti Natembo aoneke akuyenda ndi chikwama, nyumba yosanja yaitali ya Findeco House itaima kumbuyo kwake. Mlonda wina anabwera kudzaona ngati ndakomoka. Mu Okutobala, majakaranda akamayoyoka, ndimajambulanso pansi pake, ngakhale duwa limodzi kwa chidole limatalika ngati mkono wake. Pamenepo bodza limaonekera, koma mtundu wake umandigonjetsa chaka chilichonse.

Chithunzi cha Nazulu chinabwera ndi mdima wa 2024. Mvula inakana, madzi ku damu la magetsi la Kariba anatsika, ndipo masiku ena magetsi ankabwera maola atatu okha, mwinanso pakati pa usiku. Tonse tinabwerera ku mbaula. Ndinapanga yaing'ono ndi kachitini ka tomato wophwanya, kudula pakati n'kubowola ndi msomali, ndipo kampoto ndi chitsekerero cha botolo la mankhwala. Ndinaikamo timakala tenitweni, toyaka. Kuwala konse pa chithunzicho ndi kwa makalawo ndi kandulo imodzi yomwe ndinabisa kuseri kwa buku. Nazulu wakhala pa kampando, akuyang'ana moto, ndipo aliyense amene anakhala mu Lusaka chaka chimenecho safuna kumufotokozera. Zala za phazi lake lamanzere zinasungunuka ndisanazindikire. Ndinamusokera sokosi.

Si onse amaona zoseweretsa. Tsiku lina ndinapita ndi Nambewe pa kamsika ka pafupi ndi kwathu kuti ndimujambule ngati akugulitsa. Ndinali nditaumba titomato ndi dongo, n'kutiunjika tinayitinayi pa kasaka. Nditangogwada, amayi ogulitsa repu anaimirira.

"Amayi inu, kanthu kameneko mukaika pafupi ndi malonda anga chifukwa chiyani?"

"Ndi chidole chabe, amayi, ndifuna kujambula."

"Chidole chovala duku? Tsitsilo ndi la ndani?"

Anthu anasonkhana. Ndinachita kuvula Nambewe duku, kuwapatsa kuti agwire ulusiwo, kuwaonetsa chidindo cha kampani kuseri kwa mutu. Amene anathetsa nkhani ndi mtsikana wawo, yemwe anatola titomato tija n'kufuula kuti, "Amama, onani, aika na mbasela!" Pambali pa mulu uliwonse ndinali nditaikadi kamodzi kapadera. Amayi aja anaseka, anandikonzera kaunjikidwe kake ati sindidziwa kugulitsa, koma anandiuzabe kuti ndikatha ndichoke nako. Sindiwaimba mlandu. Kwathu kuno kafanizo ka munthu kokhala ndi tsitsi sikanayambe kakhala nkhani yopepuka. N'chifukwa chake pali zinthu ziwiri zomwe ndimakana. Tsitsi la munthu weniweni sindigwiritsa ntchito, ngakhale mwini wake atabwera nalo yekha m'kapepala, ndipo zinachitikapo. Chachiwiri, munthu wina anandilonjeza ndalama zabwino kuti ndimupangire chidole cha Gule Wamkulu choti akaike pa shelefu kunja. Ndine Mchewa wa ku Katete. UNESCO inalemekeza gule ameneyu mu 2005, ndipo zithunzi zake zili ponseponse, koma za kudambwe si zanga kuti ndizichepetse ka 6 n'kuziika m'katoni.

Tsopano mpata uja.

Kumayambiriro kwa 2023 ndinaganiza zopanga ambuya, amayi a amayi anga. Mfunda wawo ndi Phiri. Ndinkaganiza kuti ndimawadziwa kuposa munthu aliyense, mpaka nditakhala pansi ndi pensulo. Mphini zawo zili tsaya liti, ndipo zingati? Duku amamangira kutsogolo kapena kumbuyo? Akakhala pamphasa, manja amaika pati? Zaka zoposa 30 ndikudya nsima yawo, sindinathe kuyankha ngakhale limodzi. Ndinafufuza zithunzi za pa maukwati ndi pa maliro, koma m'zonse anali atavala za kutchalitchi, ataumitsa nkhope. Ndinayamba kuimbira foni msuweni wanga kumudzi kuti aziwajambula mobisa akamasenda mtedza, ndipo ndinkakulitsa zithunzizo mpaka kusweka.

Ndi mmene ndinaonera kuti diso lawo lamanzere ndi laling'ono pang'ono kuposa linzake, kuti makwinya awo akuya sali pamphumi koma m'mbali mwa kamwa, kuti akakhala amatambalala miyendo yonse iwiri, msana uli chilili osatsamira kanthu, chomwe ine sindingathe ngakhale mphindi zisanu. Kuti chidole chikhale motero chimafunika mfundo zopindika, ndiye ndinaitanitsa thupi la mtundu wa Made to Move, lomwe lili ndi mfundo 22, ndipo ndinadikira miyezi iwiri. Litafika, khungu lake linali loderapo kuposa mutu womwe ndinali nawo, ndinachita kuudetsa mutuwo pang'onopang'ono ndi ufa wa choko. Thupilo linalinso lowonda ngati la mtsikana wothamanga, ndiye ndinalikulunga thonje m'chiuno ndi pamimba. Imvi ndinasakaniza ulusi woyera ndi wotuwa, n'kuumeta waufupi. Makwinya ndinalemba ndi pensulo yosongoka ngati singano, mzere wakuda ndi mzere wowala pambali pake, chifukwa khwinya lopanda kuwala limaoneka ngati chipsera. Ndinalemba ngakhale ming'alu ya ku zidendene, yomwe palibe chithunzi chingaionetse. Mphasa ndinaluka ndi udzu wa tsache, lichero ndi makoko a chimanga ong'amba mopyapyala. Chitenge ndinapempha amayi kachidutswa ka chakale cha ambuya chomwe ankafundira bokosi, chofewa ndi zaka, timadontho take tating'ono ngati kuti anachipangira ntchito imeneyi.

Amayi, amene ankandiseka aja, anakhala woyang'anira. Madzulo aliwonse amabwera kudzaima kumbuyo kwanga. "Mfundo ya duku si imeneyo, amapisa nsonga m'kati." "Milomo wawapatsa yambiri." Tsiku lomwe ndinamaliza maso sananene kanthu. Anapita kukhitchini n'kukatsuka mbale zomwe zinali zotsuka kale.

Kumapeto kwa Ogasiti tinakwera basi ya kum'mawa, makilomita pafupifupi 500 pa Great East Road, kudutsa mlatho wa Luangwa pomwe aliyense amagula nsomba zouma. Inali nthawi ya Kulamba, pamene Achewa a ku Zambia, Malawi ndi Mozambique amasonkhana ku Mkaika kukalamba kwa Kalonga Gawa Undi, ndipo basi inali yodzaza mpaka pakhomo. Naphiri ndinamunyamula pamiyendo m'katoni ya nsapato. Cholinga changa chinali chithunzi chimodzi: ambuya atatambalala pamphasa yawo, chidole chitatambalala pa yake, nkhokwe kumbuyo, dzuwa la madzulo.

Ambuya anachilandira ndi manja awiri monga amalandirira chilichonse. Anachitembenuza, anachisuzumira kunsi kwa chitenge, anakanda mphini ndi chikhadabo kuona ngati zichoka.

"Ameneyu ndine?"

"Ndinu, ambuya."

"Khosi lonseli? Wandipatsa la nyamalikiti." Anagwira phazi pakati pa zala ziwiri. "Ndipo ndi timapazi iti ndingafike kumunda? Iwe, amene anakuphunzitsa sanaonepo munthu wolima."

Kenako anaona chitenge, anachisisita ndi chala chachikulu, n'kutchula dzina la sitolo ya ku Chipata komwe ambuya aamuna anawagulira, ndi chaka cha njala chomwe anachivala koyamba. Amayi sankaidziwa nkhani imeneyo. Tinakhala pamenepo mpaka dzuwa lomwe ndinkalidikira linapita, ndipo nditakumbuka foni kunali kutayamba kuda. Ndinajambula katatu. Pa ziwiri ambuya akuyankhula, nkhope yachita mbuu. Pa chachitatu nkhuku yadutsa kutsogolo, ndipo chidole sichili pa mphasa yake, chili pamiyendo pawo, dzanja lawo litachiphimba theka.

M'mawa wonyamuka ndinatenga katoni ija kuti ndimulongedze. Ambuya anati, "Msiye. Ukamutengera ku Lusaka akazizidwa." Miyezi isanu ya ntchito, thupi loitanitsa kunja, theka la kachitini kanga ka vanishi. Amayi anandiponda phazi. Ndinabwera ndi katoni yopanda kanthu, muli kalichero kokha komwe ndinaiwala kutulutsa.

Chaka chatha nditapitanso ndinamupeza ali kumsana kwa kamdzukulu ka msuweni wanga, ka zaka zinayi, atamangidwa ndi kansanza. Duku linasowa, imvi zafiira ndi dothi, ndipo dzanja limodzi galu analilawa. Ndinatambasula manja kuti ndimuone bwino, koma kamwanako kanabwerera m'mbuyo n'kundiuza kuti ndisapange phokoso, ambuya agona.